Chingwe Chosalumikiza

Makutu, mayi wojambula mawu a filimu, anapinda chingwe cha maikolofoni, nalowetsa mutu wa chingwecho m'chikwama cha m'chiuno, pambali pa makina ojambulira mawu. Sanachilumikize. Woona patali akanati zonse zili m'chimake: mtengo wautali wa maiki uli m'manja, mahedifoni ali m'khosi, chingwe chikutsika bwinobwino n'kulowa m'chikwama. Koma makinawo sankamva kanthu.

"Tsegula ndione," anatero achimwene ake, omwe analinso dairekitala wa filimuyo.

"Simukundikhulupirira?"

"Ndikanakukhulupirira ndikanafunsa? Tsegula."

Makutu anatsegula chikwamacho. Dairekitala anasuzumira, natola mutu wa chingwe ndi zala ziwiri ngati watola mchira wa khoswe, nauponyanso momwemo.

"Chikhale choncho mpaka titsirize. Ndikangokuona ukusisita batani, ubale uthera pompano."

"Ubalewo unayamba liti?" anafunsa Makutu, akutseka zipi.

Anali mu shopu ya telala wina, imene anaibwereka kuti ajambuliremo gawo lomaliza la filimu. Munali makina awiri osokera, nsalu zolenjekeka pachingwe cha kukhoma, tizidutswa ta nsalu mbwee pansi, ndi fungo la mafuta a makina losakanikirana ndi la nsimbi yotentha. Mwini shopu anawalola kukhalamo mpaka 12 koloko masana basi. Anali atakhala pabenchi panja, mayunifolomu a ana asukulu ali pamiyendo, ndipo aliyense wodutsa ankamuuza kuti anthu a filimu ndi anthu opanda nthawi.

Wosewera wamkulu mu filimuyo anali bambo awo enieni a awiriwa, a Mkokomo. Dzinali anawapatsa ndi anthu chifukwa cha mawu awo. Kwa zaka makumi anayi, munthu ukatsegula wailesi n'kumva mawu amenewo m'sewero, unkasiya zomwe ukuchita. Ngakhale wakuba mu sewero akalankhula ndi mawu a Mkokomo, anthu ankamukhululukira. Kenako chaka chatha sitiroko inawagwetsa m'bafa. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono mothandizidwa ndi ndodo, koma lilime linakana. Mawu ankatuluka ophwanyikaphwanyika, ngati a munthu wolankhula atavumata madzi.

Filimuyi inalembedwera iwo asanadwale, ndipo atadzuka ananenetsa kuti aisewera ndithu. Miyezi itatu yathunthu ankadzuka m'mamawa, kuima pagalasi pensulo ataluma m'mano, n'kumabwereza mawu a gawo lomalizali. Makutu ankakhala nawo nyumba imodzi chithereni banja lake, choncho ankawamva kuseri kwa khoma akulimbana ndi chiganizo chimodzimodzi: "Lowa, mwana wanga. Ndinakumva usanagogode." Tsiku lina chinkatuluka theka. Tsiku lina chinkakanirira pa "ndinakumva", pensulo n'kugwa m'beseni.

Sabata yapitayo anayesa kujambula ndi mawu omwe, kakhumi konse. Makutu atamvetsera zomwe anajambulazo, anapita kwa achimwene ake n'kunena zoona. "Ine ndikumva chifukwa ndi bambo anga. Koma munthu wokhala m'holo sadzatolapo kanthu." Iye ankayembekeza kuti Dairekitala afupikitsa mawu, kapena awapatsa mkuluyo sabata ina. Zimene Dairekitala anachita n'kutenga foni n'kuimbira Chinkhwe.

Chinkhwe anali mkulu wina wotsanzira anthu otchuka m'maukwati ndi m'mabala. Sewero lake lokondedwa linali la a Mkokomo akukalipira mkazi wogulitsa tomato, ndipo chidwalireni a Mkokomowo, anawonjezeramo gawo latsopano lopinda mlomo. Ameneyo ndiye anasankhidwa kuti adzalowe mu situdiyo, aziyang'ana milomo ya a Mkokomo pakanema, n'kumaikamo mawu ake. Eniake milomoyo sanayenere kudziwa mpaka filimu itatuluka.

Makutu anapempha kuti azijambulabe mawu, angowasunga. Dairekitala anakana. Paukwati wa msuweni wawo, munthu wina anajambula bambowo pafoni akuyesa kulankhula, ndipo kanemayo anayenda m'mafoni mwezi wathunthu anthu akuseka. "Sindikufuna chilichonse chimene munthu angadzachitulutse," anatero. "Komanso ndikukudziwa iwe. Ukangokhala nawo mawuwo, uyamba kundilirira mu situdiyo kuti tiwagwiritse ntchito." Makutu anamutukwana chamumtima, koma anavomera. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti achimwene akewo sankanama.

Ndodo inamveka pakhonde: go, go, go. A Mkokomo analowa atavala kale za utelala, malaya otuwa, magalasi pamphuno, tepi yoyezera m'khosi. Anali atameta ndevu mwaukhondo mpaka kudzicheka pachibwano. Anapereka moni kwa a Diso, mkulu wa kamera amene anagwira nawo ntchito zaka makumi atatu, nakhala pamakina osokera a pafupi ndi zenera. Kenako anachita zomwe ankachita nthawi zonse asanayambe: anakweza dzanja, nakhwatchitsa zala pansi pa maiki.

"Ukundimva, Makutu?"

Dzinalo anamupatsa ndi iwo ali kamwana, chifukwa ankatha kudziwa mlendo amene akubwera pongomva mapazi ake panja. Makutu anakweza mahedifoni n'kuwavala. Munali zii.

"Ndikukumvani, bambo."

"Lero lilime lagona bwino," anatero mkuluyo, akumwetulira mbali imodzi. "Ulitchere bwino khutu. Sindibwereza."

"Akuti chiyani?" anafunsa Dairekitala. Chidwalireni bambo ake sankamva zomwe ankanena, ndipo sankayesa n'komwe. Ankangotembenukira kwa mlongo wake ngati mmene munthu amatembenukira kwa womasulira m'khoti.

"Akuti akonzeka."

Gawolo linali lapafupi. Telala wokalamba akusoka, mwana wake wamkazi amene anathawa pakhomo zaka zambiri zapitazo waima pachitseko, akuopa kugogoda. Telalayo akweza mutu n'kumuitana. Mtsikana wosewera mwanayo anali atajambulidwa kale dzulo lake, choncho lero kamera inali pa nkhope ya a Mkokomo yokha.

"Mukadzutsa mutu muyang'ane pamene paima Makutu," anatero a Diso. "Pamenepo ndiye pachitseko."

Anthu anali ochepa, motero kabolodi ankagwira ndi a Diso omwewo. Kabolodi kameneka kali ndi kamtengo pamwamba kamene amakawombetsa kuti phwa kamera ikangoyamba, n'cholinga choti wolumikiza filimu adzadziwe pamene mawu ndi chithunzi zikumanirana. Koma akamajambula zithunzi zokha popanda mawu, sakawombetsa. Wogwirayo amalowetsa zala pakati pa kamtengoko ndi bolodi, kuti wolumikizayo asadzavutike kufunafuna mawu omwe kulibe. A Diso anali atauzidwa zachinsinsi chija, ndipo analumbira kuti pakamwa pawo sipatuluka kanthu. Pakamwapo panasungadi chinsinsi. Koma manja a munthu amene wagwira ntchito imodzi zaka makumi atatu safunsa mutu.

"Kamera!" anakuwa Dairekitala.

"Ikuyenda."

"Mawu!"

"Akuyenda," anatero Makutu.

A Diso anatambasula dzanja n'kuika kabolodi patsogolo pa nkhope ya a Mkokomo, zala zinayi zili pakati. Anakachotsa osakawombetsa.

"Sewerani!"

A Mkokomo sanasewere. Anayang'ana kabolodi kaja, nayang'ana a Diso, navula magalasi pang'onopang'ono.

"Diso, zala zako zimatani pamenepo?"

"Akuti chiyani?" anafunsa Dairekitala.

A Diso anali atamva okha, pakuti anayang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina, nalibisa kumbuyo.

"Ndafunsa kuti akuti chiyani!"

"Akufunsa za zala za a Diso."

Dairekitala anaseka kaseko kouma. "Aa, bambo, a Diso akalamba, angoiwala. Tiyeni tibwereze. A Diso, wombetsani bwinobwino, tisatayepo nthawi."

Mkuluyo sanamuyang'ane n'komwe. Anatola ndodo yawo, naitambasula, nakola chingwe chija ndi chogwirira chake chopindika. Anakoka pang'ono chabe. Chingwecho chinasololoka m'chikwama cha Makutu popanda kukana, mutu wake n'kugwera pansi pakati pa tizidutswa ta nsalu.

Panja mwini shopu ankauza munthu wina kuti abwerenso mawa.

"Ndiye umandimva," anatero a Mkokomo, akuyang'ana Makutu.

"Bambo..."

"Ndani? Milomo yangayi mukufuna kuibwereketsa kwa ndani?" Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza yekha chomwe amafuna. "Chinkhwe. Palibenso wina. Uja amapinda mlomo m'mabala kuti zidakwa ziseke."

Dzina lokhalo linatuluka lomveka bwino, moti Dairekitala sanafunikenso womasulira. Anaponya mapepala ake pa tebulo lodulirapo nsalu.

"Inde, Chinkhwe! Nanga mumafuna nditani? Bambo, palibe amene akukumvani! Ine sindikumvani, a Diso amangogwedeza mutu mwaulemu, anthu a m'holo adzangoseka. Mukufuna akusekeninso ngati za paukwati zija? Ine ndikuteteza dzina lanu, inu mukundiyang'ana ngati mfiti."

"Dzina langa ulitetezere m'kamwa mwa galu?"

"Akuti chiyani?"

"Musandifunse," anatero Makutu.

"Oo, lero wasanduka mwana wabwino?" Dairekitala anamuloza ndi chala. "Bambo, mufunseni wokondedwa wanuyu. Ine sindinayambe ndekha. Ndi iyeyu anabwera kwa ine n'kunena kuti mawu anu munthu sangatolepo kanthu. Ndi iyeyu! Ndipo chingwecho wachizula ndi manja ake, palibe anamugwira pakhosi."

A Mkokomo anatembenuka pampando, nayang'ana mwana wawo wamkazi.

"Unanena?"

"Ndinanena, bambo."

"Zinali zoona?"

Makutu anafuna kunamanso tsiku lomwelo, koma analephera. "Zinali zoona."

"Nanga ine sunandiuze bwanji? Tiyi timamwa limodzi m'mawa uliwonse. Pensulo ikagwa m'beseni umanditolera ndiwe. Lero lomwe wandimanga mabatani a malaya, n'kundiuza kuti zikhala bwino." Anapuma, napukuta malovu pangodya ya mlomo ndi kuseri kwa dzanja. "Uyu ndi chitsiru, sanandimvepo chibadwire. Koma iwe umandimva."

Dairekitala sanafunsenso kuti akuti chiyani. Anaona nkhope ya mlongo wake n'kudziwa kuti zimenezo sizinali zake.

Makutu anachita manyazi oti sanawachitepo, ngakhale tsiku limene anabwerera kwa bambo ake ndi masutikesi awiri. Anafuna kufotokoza kuti ankaopa kuwaswa mtima, kuti tsiku lililonse ankati awauza mawa. Koma zonsezo zinamveka zopepuka asanazinene n'komwe.

A Mkokomo anavalanso magalasi, nakonza tepi ya m'khosi, nakokera nsalu pansi pa singano.

"Jambulani," anatero.

"Akuti tijambule," anatero a Diso motsitsa mawu.

Dairekitala anapumira m'mwamba, naganiza kuti wapambana. "Mwaona? Nkhani yatha. Kamera!"

A Diso anaika kabolodi, zala zili pakati, ulendo uno mosabisa. Mkuluyo anapondaponda makina, singano n'kuyamba kuyenda. Anasoka pang'ono, kenako phazi linaima. Anapendeketsa mutu ngati wamva kanthu panja. Anadzutsa nkhope pang'onopang'ono, maso ake nakafika pamene panaima Makutu, ndipo anakhazikika pomwepo.

Pakamwa sanatsegule.

"Mawu, bambo," ananong'ona Dairekitala. "Lowa, mwana wanga."

Milomo inali yotsekeka ngati yosokedwa. Maso okha ndiwo ankagwira ntchito. Makutu anaona m'masomo zonse zimene zinalembedwa papepala: kudikira kwa zaka zambiri, kuzindikira mapazi a mwana, chitseko chimene sichinakhomedwepo. Anaonanso china chimene sichinalembedwe, ndipo chimenecho chinali chake yekha. Anagwirabe mtengo, maiki yakufayo ili pamwamba pa mutu wa bambo ake.

"Dulani! Bambo, mwaiwala mawu? Tibwereze."

Anabwereza. Anasoka, anaima, anadzutsa mutu, pakamwa pali chitsekere. Anabwerezanso kachitatu, chimodzimodzi, osaphonya ngakhale mphindi ya kuphethira. Ulendo wachinayi uli pakati, Dairekitala anazindikira. Mawu a munthu wina amaikidwa pamilomo yoyenda. Pamilomo yotseka, Chinkhwe analibe polowera.

"Mukuchitira dala!" anakuwa, namenya tebulo mpaka sizasi inagwa. "Mukufuna kundiphera filimu! Miyezi isanu ndi umodzi ya ntchito yanga! Tsegulani pakamwa, bambo, ngakhale mungotafuna, ngakhale muwerenge manambala, bola milomo iyende!"

A Mkokomo anamuyang'ana mmene munthu amayang'anira mvula ali m'nyumba. A Diso, diso lili pakamera, analankhula osatembenuka.

"Bwana, ine ndajambula anthu ambiri. Chimene chili m'kameramu musachitaye."

"Inu khalani chete! Zonsezi ndi zala zanuzo!"

Mwini shopu anagogoda pazenera, naonetsa wotchi yake. Kunatsala mphindi khumi.

Makutu anatsitsa mtengo wa maiki, nagwada pansi, nafufuza mutu wa chingwe m'tizidutswa ta nsalu. Anaupukuta pa siketi yake n'kuulowetsa m'makina mpaka unalira kuti kwe. Anadina batani. Kanyali kofiira kanayaka, ndipo shopu yonse inalowa m'makutu mwake: kupuma kwa anthu, kulira kwa nsimbi ikuzizira, njinga yamoto kutali.

"Ndinakuuza chiyani iwe?" anatero Dairekitala, akumuyandikira.

"Tandichokerani apa, achimwene, ndisanakugogodeni ndi mtengowu." Anatembenuza chikwama kuti bambo ake aone. "Bambo, onani kanyali. Ndalumikiza. Nenani mmene mungathere, ndijambula. Akakana kuziika mu filimu, ndidzaziika ndekha. Chonde, bambo. Kamodzi kokha."

A Mkokomo anayang'ana kanyaliko nthawi yaitali. Kenako anavula tepi ya m'khosi, naipinda bwinobwino, naiika pamakina osokera. Anavula magalasi a utelala n'kuwaika pamwamba pake. Anagwira ndodo, nadzuka. Makutu atatambasula dzanja kuti awathandize, anabweza chigongono chawo.

Anali atafika pachitseko pamene Makutu anakuwa, mawu ake akuthetheka.

"Chete nonse! Bata la m'chipinda, mphindi imodzi!"

Ndi mwambo wa ntchitoyi. Musanachoke pamalo pamene mwajambulira, wa mawu amapempha mphindi imodzi ya chete, chifukwa chipinda chilichonse chili ndi bata lakelake, ndipo wolumikiza filimu amalifuna potseka mipata. Akangoitana, aliyense amauma pomwe ali, kaya ndi bwana kaya ndi wonyamula nyali, mpaka wa mawuyo anene kuti zikomo. A Diso anauma dzanja lili pakamera. Dairekitala anatsala kukamwa kuli yasa, chitukwano chili panjira. Ndipo a Mkokomo, amene kwa zaka makumi anayi sanaphwanyepo mwambowu ngakhale kamodzi, anaima pachitseko, ndodo ili m'malere, msana atalozetsa kwa ana awo.

Makutu anatembenuza mtengo mwakachetechete, nalozetsa maiki kwa bambo ake. Anakweza mphamvu ya makina mpaka pamapeto. Anamva mpweya wawo ukulowa mokoka, ukutuluka ndi kakhweru kakang'ono kumbali ya mlomo wopuwala. Anamva akumeza malovu movutikira. Anamva nsalu ya malaya amene anawasita yekha m'mawa ikukhudza khosi. Misozi inatsika mpaka pachibwano, koma sanafwenthe, poopa kuipitsa zomwe ankajambula.

Mphindi inakwana. Makutu sananene kuti zikomo. Inakwana yachiwiri. Mwini shopu anasuzumira pazenera, naona anthu anayi ataima ngati zidole zoyezerapo zovala, nabwerera pabenchi yake.

A Mkokomo anakweza dzanja pang'onopang'ono, nayang'ana wotchi yawo. Anali atapereka zomwe mwambo umafuna, n'kuwonjezerapo. Anatsitsa ndodo pansi, natuluka.

"Wajambula chiyani tsopano pamenepo?" anafunsa Dairekitala, mawu atamuthera.

Makutu anasendera pachitseko, natulutsa mtengo wa maiki panja mpaka pomwe mikono yake inathera. M'mahedifoni ndodo ija inkamvekabe pakhonde, go, go, go, kenako pamiyala ya mumsewu, ikuchepera, mpaka inasakanikirana ndi mapazi a anthu ena. Iye ankaizindikirabe.